Kosi yojambula zithunzi ya pa Dedza boma, kwa amene mumafunsa za ma asayimenti

Anthu angapo mwakhala mukundifunsa za kosi yojambula zithunzi ija ndinalowa mu June, ena mukuopa kuti ndalama zanu zingopita, nde ndati ndilembe kamodzi aliyense awerenge yekha. Inali ya masabata 8, ma asayimenti 8, ine ndinapereka 6 pa nthawi yake awiri mochedwa.

Kalasi imakhala Loweruka masana mu situdiyo ya aphunzitsiwo, momwe amajambuliramo za pasipoti ndi za ukwati. Tinayamba anthu 9. Makamera enieni anali awiri okha, Canon ndi Nikon akale a lenzi ya 18-55, timasinthana, masiku ena onse ndi foni basi. Izi sindikudandaula poti anatiuziratu tisanalipire. Kaphunzitsidwe nde ndilibe nako mawu, bambo aja amadziwa ntchito. ISO (momwe kamera imamvera kuwala), shutter speed (nthawi yomwe kamera imatsegukira kuwala) ndi aperture (kukula kwa bowo la mu lenzi) anatifotokozera ndi zenera la situdiyo lomwelo, kulitsegula pang'ono, kulitsegula lonse, kulitseka msanga, ndipo tsiku lomwelo ndinamva chifukwa chake aperture ya f/16 ndi kabowo kakang'ono pomwe f/3.5 ndi bowo lalikulu, zomwe pa YouTube ndinkangotherapo bandulo osatolapo kanthu.

Pomwe pali nkhani ndi pa asayimenti. Amapereka Loweruka, iwe utumize pa gulu la WhatsApp isanakwane 8 koloko usiku wa Lachitatu. Masiku anayi okha. Ine ndimagwira mu hadiweya, kulowa hafu 7 kutuluka 5, ndipo mukudziwa nonse kuti mu June dzuwa likamafika hafu 5 lapita kale. Sabata yachitatu anatipatsa ya kuwala kwa m'mamawa kapena kwa madzulo, kofiirira kuja, akuti tijambule phiri la Dedza. Madzulo ndili pa kauntala, m'mawa ndikadzuka 5 koloko ndi chisanu chija zala zosagwira, ndikupeza chifunga chokhachokha, phiri lonse la mamita pafupifupi 2,200 osaoneka olo pang'ono. Lolemba choncho, Lachiwiri choncho. Ndinawaimbira ndili wokhumudwa ndithu, iwo anangoti achimwene, chifungacho ndiye chithunzi chanu, jambulani chomwecho. Lachitatu ndinaima m'mbali mwa msewu ndikujambula amayi atatu atasenza nkhuni akutuluka m'chifungamo, kumbuyo kwawo mitengo ya paini ikuoneka mwa apo ndi apo, wakabaza akubwera chapatali. Mpaka lero ndi chithunzi chomwe ndimachikonda kuposa zonse ndinajambulapo.

Pamenepo anali olondola, koma za Lachitatuzo ndimatsutsanabe nawo. Anzathu atatu anasiyira panjira, osati chifukwa cha ulesi ayi, mmodzi ndi namwino wa ma naiti, wina mayi wa mwana wakhanda, ndipo ukangophonya ma asayimenti awiri otsatana kalasi yotsatira umakhala ngati mlendo chifukwa phunziro lililonse limayambira pa zithunzi zomwe munatumiza. Atangosunthira ku Lachisanu anthuwa akanamaliza nafe, ndinawauza izi maso ndi maso.

Ya sabata yachisanu inali ya zinthu zoyenda. Ndinabwereka Nikon ija Lamulungu ndikukwera minibasi mpaka pa Lizulu, anyamata a kachewere ndi kabichi akuthamangira galimoto iliyonse ikaima. Pa shutter speed ya 1/500 ya sekondi munthu amaima nji ngakhale akuthamanga, pa 1/30 ukamamutsatira ndi kamera iye amaoneka bwino kumbuyo konse kuli mizeremizere, koma kuti chimodzi chituluke ndinataya zoposa 40. Amayi ena a tomato anandifunsa kuti kodi mukufuna mukatigulitse kunja? Apa nde ndinathokoza lamulo la aphunzitsi, pempha kaye, ukajambula muonetse mwini wake, akakana fufuta iye akuona. Za gule wamkulu anachita kunenetsa kuti osayerekeza popanda chilolezo cha eni mudzi.

Tinapitanso ku Chongoni, ku Mphunzi, kukaona zojambula za pamiyala zija UNESCO inaziika pa mndandanda wake mu 2006, malo ake alipo 127. Zofiira za Akafula, zoyera za makolo athu Achewa. Fulashi anatiletsa, kugwira mwala ndi dzanja anatiletsanso, nde pamthunzi paja umakweza ISO mpaka 1600 ndikupirira timadontho timabwera pachithunzi. Ulendo wabwino zedi, kungoti ya thiransipoti sinali mu fizi ndipo tinauzidwa kutatsala masiku awiri, izi akonze.

Konzekeraninso bandulo. Salola kutumiza chithunzi wamba pa WhatsApp chifukwa imachifinya ndikuchotsa manambala a ISO ndi shutter omwe iwo amafuna kuona, umatumiza ngati document, zithunzi zisanu sabata iliyonse, magetsi akazima Lachitatu madzulo foni ili pa 10% mtima umakhala m'mwamba. Koma mayankho awo ndi omwe ndinalipirira. Aliyense amalandira voisi noti yakeyake, osanyengerera, achimwene apa mapazi mwadula, apa polo ya magetsi ikumera pamutu pa mwanayu, sunthani masitepe awiri kumanzere mukabwereze.

Chomwe chinandipulumutsa ine ndi kujambula Lamulungu tikangoweruka ku tchalitchi, Lolemba usiku kukonza pa Snapseed (app yokonzera zithunzi pa foni), masiku awiri otsalawo ongobwereza zomwe zalakwika popita ku ntchito. Awiri ndinachedwa nawo aja ndi omwe ndinadikira Lachiwiri.

Nde ngati Lamulungu lanu limakhala lomasuka lowani, simudandaula. Ngati mumagwira ma shifiti kambiranani nawo kaye za tsiku lotumizira musanapereke ndalama. Mphwanga ndamulembetsa kale gulu likubwerali, ndipo cha amayi a nkhuni chija ndakasindikiza chachikulu, chili pa khoma kuseri kwa kauntala.