Buloko imodzi pa mwezi: paketi ya ku Johannesburg, mapatani aulere, kapena gulu la ku Highfield?

Chiyanikireni kwiliti yanga, chofunda cha zigamba zolumikiza chija, pa waya kuno ku Mufakose, anzanga a kutchalitchi ndi a pa WhatsApp sakundipatsa mpata. Funso ndi lomwelomwelo: "Mayi, nafenso tikufuna tiyambe zosoka buloko imodzi pa mwezi zija, tilowere kuti?" Buloko ndi chigawo cha mbali zinayi zofanana chosokedwa ndi tizigamba; umasoka imodzi mwezi uliwonse, chaka chikatha n'kulumikiza onse kukhala kwiliti. Ndayankha mmodzimmodzi mpaka ndaona kuti bola ndilembe kamodzi. Kuyambira 2023 ndayenda njira zitatu ndi manja angawa, ndipo ndineneretu kuti kwiliti imene yakukopaniyo inachokera ku njira imene mpaka lero ndili nayo chakukhosi.

Ndiyambe ndi yomweyo. Mu Januwale 2023 ndinalembetsa ku shopu ina ya nsalu ya ku Johannesburg imene imatumiza paketi mwezi ndi mwezi: nsalu zosankhidwa kale, pepala la malangizo, zonse m'kajumbo kamodzi. Zabwino zake sindibisa. Nsalu inali thonje lenileni, yosachucha, mitundu yake yogwirizana bwino. Malangizo anali omveka, ndipo mapatani a Log Cabin ndi Ohio Star ndinaphunzirira momwemo. Mtengo umene analemba pamwamba, ukausintha kuchoka ku marandi, unkafika madola 15 pa mwezi. Ndinawerengetsa kuti ndi madola 180 pa chaka, ndinati ndalama ya mayunifolomu a sukulu amene ndimasoka ikwanira.

Za mayendedwe ndinkazidziwa pang'ono. Shopuyo inkatumiza mkati mwa South Africa mokha, choncho paketi inkafikira kwa mlamu wanga, iye n'kuikweza basi yodzera pa Beitbridge, ine n'kukaidikira ku Roadport ndi madola 10 m'manja. Titaona kuti zikulemera tinayamba kuphatikiza miyezi iwiriiwiri. Zimenezo ndinazivomera, si mlandu wa shopu.

Chimene chinandilasa chinabwera mu Okutobala. Ndinalandira uthenga woti nthawi yakwana yogula paketi yomalizira. Ndinadabwa, yomalizira itinso? Usiku womwewo ndinatulutsa mabuloko amene ndinali nditasoka, n'kuwayala pabedi, malo a otsalawo ndinaikapo mapepala. Taonani masamu ake, chifukwa ndi amene sindinachite mu Januwale. Buloko iliyonse ikalumikizidwa imakhala mainchi 12 mbali zonse. Mukayala atatu m'lifupi ndi anayi m'litali mumapeza mainchi 36 kwa 48, amene ndi masentimita pafupifupi 91 kwa 122. Bedi la anthu awiri ndi masentimita 137 kwa 188. Chimene ndinasoka chaka chonse chinali kachofunda ka mwana pakati pa bedi, matiresi akuonekera mbali zonse zinayi. Pa chithunzi chimene anatsatsira, kwiliti inkaphimba bedi mpaka kulendewera. Kukula kumeneko kunkachokera ku timizere tansalu ta pakati pa mabuloko, nsalu yozungulira m'mphepete ndi mpendero, ndipo zonsezo sizinali m'madola 15 aja. Zinali madola 70 ena apadera. Nsalu ya kumsana ndi chamkati chofunditsa sizinalinso m'menemo.

Ndinabwerera pa tsamba lawo, ndipo zoonadi analemba, koma pansi penipeni, m'timalemba toti munthu wovala magalasi ngati ine sangatione pa foni. Ndinakana kulipira. Loweruka ziwiri ndinazungulira mashopu a nsalu kumunsi kwa tawuni, cha ku Kopje, kachidutswa ka nsalu yobiriwira kali m'manja, kufunafuna yofanana nayo. Yobiriwira ilipo yambiri mu Harare, koma ukaiyandikiza pa bulokoyo imakana. Apa ndi pamene amakugwirira: miyezi 10 wathira kale ndalama ndi mtima, nsalu yofanana ili ndi iwo okha. Ndinalipira misozi ili m'maso. Akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ine nyererezo ndinazitafuna.

Zina ziwiri zing'onozing'ono za paketi. Nsalu amayeza ndendende, moti nditalakwitsa kudula kamzere kamodzi mu Meyi ndinachita kugula chidutswa chonse cha mainchi 18 kwa 22 n'kudikira basi ya mwezi wotsatira. Komanso ndalama inkachoka yokha pa khadi, usoke usasoke.

Chaka cha 2024 ndinalumbira kuti sindilipiranso munthu. Ndinatsata mapatani aulere a pa intaneti, aja amatulutsa imodzi mwezi uliwonse. Pa ndalama palibe njira yoposa iyi: bandulo ya data ndi kusindikiza masamba awiri atatu, basi. Nsalu umasankha wekha, ndipo kumeneko ndi kumene ndinasangalala. Ku Mupedzanhamo ku Mbare ndinkasankha mashati aamuna akuluakulu a pa kaunjika, olembedwa kuti ndi thonje lokhalokha. Shati imodzi, kumsana kwake kokha, kumatuluka zigamba zambiri. Zitenje, zimene anzathu achishona amati zambia, samalani nazo, zambiri zotchipa masiku ano ndi polyester. Ine ndimadula kansonga n'kukayatsa ndi machesi. Thonje limanunkha ngati pepala lopsa n'kusiya phulusa lofewa, pamene polyester imasungunuka n'kuuma kukhala kampira kolimba. Yoteroyo imakwinyika pansi pa simbi yotentha, ndipo siigwirizana ndi thonje pa msoko umodzi. Chitenje chatsopano ndimachichapa pachokha mpaka madzi ayere ndisanachidule.

Koma mapatani aulerewa ali ndi msampha wawo. Ambiri amalembedwa ku America, kumene pepala lawo ndi mainchi 8.5 kwa 11, pamene lathu la A4 ndi mamilimita 210 kwa 297, lopapatiza pang'ono. Mnyamata wa posindikizira amangodina kuti zikwane pa tsamba, makina n'kuchepetsa chilichonse pang'ono, mwina ndi magawo 3 pa 100. Ndi diso simungaone. Ndinasoka mabuloko atatu ndi timapepala tochepa timeneto, ndipo ndinazindikira mu Epulo, nditasoka buloko ina yongodula ndi rula, kuti atatu oyambawo akutuluka mainchi 12 ndi kanyenyeswa m'malo mwa 12 ndi theka, muyeso wa buloko isanalumikizidwe ndi inzake. Pa tsamba pamakhala kabokosi ka inchi imodzi koyesera. Muzipita ndi tepi yanu posindikizapo, muuzeni asindikize pa 100%, muyeze kabokosiko musanalipire.

Komabe si pepala limene linandiimitsa chaka chimenecho. Mu Juni mayi anga anamwalira kumudzi ku Dedza. Ndinakwera basi ya pa Nyamapanda, kudutsa Tete, ndipo ndinakhalako masabata atatu. Pogawa zovala za malemu, achemwali anga anandipatsa zitenje 6, zina zakale za Whitex zimene mayi ankasunga mu sutikesi, zofewa chifukwa chochapidwa zaka zambiri. Nditabwerera ku Harare manja anangofooka. Julayi anadutsa, Ogasiti anadutsa, mapatani akungodzadza mu foni. Pa gulu la Facebook la otsata mapataniwo anthu masauzande ankaonetsa mabuloko awo, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe woti afunse kuti mayi wa ku Harare uja wasowa bwanji. Sindikuwada, sankandidziwa. Koma ndinalekera pa mabuloko 5, ndipo ali m'chikwama pansi pa bedi mpaka lero.

Anthu akamayerekeza njirazi amayang'ana mtengo ndi kukongola kwa nsalu. Ine pano ndimafunsa china: mwezi umene ndidzagwe mphwayi, kapena kugwa maliro, adzaona ndani? Chifukwa pa miyezi 12 mwezi woterowo sulephera kubwera. Paketi imaona khadi yako yokha. Intaneti siona kanthu.

Njira yachitatu ndi imene ndilimo tsopano, ndipo ndivomere kuti poiweruza mtima wanga uli kale mbali yake. Ndife amayi 9, timakumana Loweruka loyamba la mwezi pakhonde la nyumba ina ku Highfield. Ambiri ndife a CCAP ya Sinodi ya Harare, ena ndi Akatolika, mmodzi ndi Msilamu. Angapo ndi ana a aja anabwera kuchokera ku Nyasaland nthawi ya chitaganya, pakati pa 1953 ndi 1963, kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi ku njanji. Ena mwa iwo Malawi sanamupondepo, koma pakhonde paja Chichewa chimayenda tsiku lonse. Kunyumba ana anga amandiyankha m'Chishona, ndiye maola amenewa ndimawawerengera masiku.

Amatitsogolera ndi mayi wina wachikulire amene anagwira utelala moyo wake wonse, tonse timangoti agogo. Timasonkha madola awiri pa mwezi, zolembedwa m'kope loti aliyense atha kutsegula. Mu Januwale agogo anatiuza tisanadule kalikonse kuti tiyeze mabedi athu, ndipo anatiwerengera aliyense mamita a nsalu ya pakati, ya m'mphepete ndi ya kumsana. Nsalu yoyera ya pakati tinagula mpukutu umodzi nthawi imodzi kuti mtundu usasiyane. Za chamkati anati bulangete lakale lochapa bwino limakwana, ndipo mu Juni ndi Julayi limatchinga kuzizira kwa Harare bwinobwino. Tsiku limenelo ndinakumbuka usiku uja wa mapepala pabedi, ndinangoti zikanakhala chonchi mu 2023.

Agogo ali ndi kathabwa kodulidwa mainchi 12 ndi theka mbali zonse. Buloko iliyonse imagona pa kathabwako isanayamikiridwe. Yanga yoyamba inaperewera. Anatembenuza, anayang'ana misoko, anati, "Mwanawe, msoko wako wanenepa." Pa kwiliti msoko umayenera kukhala kota ya inchi, mamilimita 6 ndi pang'ono. Ukaonjeza milimita imodzi yokha, msoko uliwonse umadya mamilimita awiri, chifukwa umadya mbali zonse ziwiri, ndipo buloko ya misoko inayi yataya kale mamilimita 8. Anatenga tepi yomatira, anayeza kuchokera pa singano, n'kumata kamzere pa Singer yanga kuti nsalu iziyenda motsatira pamenepo. Ndinamasula misoko yonse n'kuyambiranso. Zaka ziwiri ndinali ndikusoka ndekha popanda wondiuza zimenezi. Ndipo popeza makina a pakhondepo ndi opukusa ndi dzanja, simbi ndi ya makala, magetsi akathima ntchito siima.

Zolakwika zilipo. Timati 9 koloko koma lumo limayamba kulira cha m'ma 11. Nkhani zimachuluka. Agogo amakonda mapatani osavuta, moti Nine Patch tabwereza kawiri, ndipo amene mukufuna nyenyezi zovuta zija mudzaona ngati tikuchedwa. Kuchoka ku Mufakose ndimakwera makombi awiri. Mitundu ya nsalu zathunso siigwirizana mwaukatswiri ngati ya m'paketi. Pali mabuloko ena amene ukawayang'ana umaona kuti chofiira chachuluka.

Mu Febuluwale ndinapita ndi chitenje chimodzi cha mayi, cha maluwa achikasu, chimene ankakonda kuvala popita kumunda wa mbatata. Ndinachiyala patebulo, ndinagwira lumo, dzanja linakana. Agogo sanandifulumize. Anadzagwira nsonga inayo n'kuikoka kuti iwongoke, anati, "Dulani mayi. Mu sutikesi chidyedwa ndi njenjete, koma apa chizikufundani." Amayi ena anayamba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi, ine n'kudula. Kuchokera tsiku limenelo buloko iliyonse ili ndi kachigamba ka mayi pakati, ndipo madzulo amene ndimasoka ndi amene ndimawakumbukira mosalira kwambiri.

Mu Epulo mwana wanga anadwala, sindinapite. Lamulungu titaweruka kutchalitchi amayi awiri anandipeza panja, mmodzi anatulutsa envelopu m'chikwama: zidutswa zoyera za buloko ya mweziwo atandidulira kale, ndi chithunzi cha patani chojambula pamanja. "Achemwali, pakatipo muikapo nokha cha amayi chija." Ndinaisoka Lachitatu usiku.

Ndiye kwa amene mwakhala mukufunsa. Ngati muli ndi ndalama, muli ndi wachibale ku South Africa, ndipo simukufuna kuvutika ndi kusankha mitundu, paketi idzakupatsani kwiliti yokongola. Koma musanapereke khadi funsani molemba kuti ikatha idzakhala masentimita angati, ndiponso ngati nsalu ya pakati, ya m'mphepete ndi mpendero zili mu mtengowo. Ine sindidzabwererako. Ngati mumadziwa kale kusoka ndipo simufuna wokukumbutsani, mapatani aulere ndi mashati a ku Mupedzanhamo akukwanirani, bola tepi m'manja posindikiza. Koma ngati mukuyamba kumene, kapena mukudziwa kuti chaka chanu chili ndi zokhoma, pezani amayi anzanu anayi asanu a kudera kwanu, Mbare, Dzivarasekwa, Epworth kaya Chitungwiza, mupeze mmodzi wodziwa msoko, mudule kathabwa ka mainchi 12 ndi theka. Patani mutha kutenga yaulere yomweyo ya pa intaneti, ife miyezi ina timatero.

Mwezi uno tikusoka patani ya Churn Dash. Yanga ndadula kale, yatsala kulumikiza mizere itatu. Pa zitenje 6 zija zatsala ziwiri zosadula, ndipo chimodzi, chabuluu, agogo akuti ndisachikhudze, chidzakhala mpendero.