Patient Number 9 cha Ozzy Osbourne: magitala ake ndi amene akubweza ndalama yanu

Ozzy, woimba nyimbo za rock wa ku England, anatulutsa chimbalechi mu September 2022 ali ndi zaka 73, matenda a Parkinson atamufooketsa kale, ndipo chinakhala chomaliza chimene anajambula mu situdiyo asanamwalire mu July 2025. Ine ndinagula CD, ndipo yakhala ikulira m'galimoto mwanga kuyambira pomwepo.

Muli nyimbo 13, koma zimene ndimabwereza ndi za alendo amene anawaitana. Nyimbo yoyamba, yomwe yapatsa chimbale dzina, imapitirira mphindi 7, ndipo Jeff Beck akalowa, gitala yake imachita kulira ngati munthu, kukwera pang'onopang'ono kenako kutsetsereka mosayembekezera. Beck anamwalira mu January 2023, ndiye kuimva lero kumandigwira mtima kwambiri. Pa "Degradation Rules" pali Tony Iommi, mnzake wakalekale wa ku Birmingham amene anayamba naye bandi ya Black Sabbath. Gitala ya Iommi ndi yolemera, yokoka, Ozzy n'kumaimba harmonica pamwamba pake monga ankachitira mu 1970. Nyimboyi inapata mphoto ya Grammy mu 2023, chimbale chonse nachonso chinapata ina, ndipo sindikutsutsa ngakhale pang'ono. Eric Clapton aliponso ndi gitala yake pa "One of Those Days", modekha, osafuna kudzionetsa.

Chondidandaulitsa ndi kajambulidwe. Mawu a Ozzy anawasalaza kwambiri ndi makina, moti m'malo ena kunjenjemera kwa ukalamba kumene ndimafuna kumva kunafufutika. Munthu wodwala akuimba za imfa ndi misala, bwanji osamusiya amveke mmene alili? Zida zonse anazikwezanso mofanana. Pa mahedifoni makutu amatopa chimbale chisanafike pakati, ndipo ng'oma za Chad Smith ndi malemu Taylor Hawkins zimapanikizika. M'galimoto zimamvekako bwino.

Chatalikanso, chimadya pafupifupi ola lathunthu. Pa nyimbo zinayi zimene Zakk Wylde akuimbamo gitala ndikanasiya "Nothing Feels Right" ndi "Mr. Darkness" basi, zinazo ndimangodumpha.

Amene simunamumvepo Ozzy, yambani ndi Blizzard of Ozz cha 1980, musayambire pano. Koma ngati munakula naye, gulani osakayika, chikuposa Ordinary Man cha 2020 kutalitali. Ndachipatsa nyenyezi 4 pa 5, imodziyo ndachotsa chifukwa cha mawu osalazidwawo.