Ndemanga ya cooling pad ya mafani asanu: imathandiza koma pang'ono

Ntchito yanga ndi yokonza mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Mzuzu, ndiye laputopu yanga ndi zija za gaming zokhala ndi graphics card. Ikamarenda (kutulutsa vidiyo yomalizidwa) pa pulogalamu ya Premiere Pro inkatentha moti pamwamba pa keyboard chala sichinkakhalapo, mafani kumangolira, kenako vidiyo kuyamba kukokakoka. Anthu amati ku Mzuzu nkozizira, zoona, June ndi July timavala majuzi mpaka masana, koma purosesa sizikuyikhudza zimenezo, pa HWMonitor, pulogalamu yoonetsa kutentha kwa kompyuta, inkangosewera cha m'madigiri 97. Ndipo mapurosesa ambiri a Intel akayandikira 100 amadzichepetsera okha liwiro kuti asapse, nde nchifukwa chake ntchito imachedwa.

Cooling pad, chija chokhazikapo laputopu kuti izizizira, ndinaigula m'tauni momwemu, ya mafani asanu yolumikiza pa USB. Chomwe ndaikondera ndi choti imakweza laputopu m'mwamba, mpweya umalowa bwino pansi, komanso khosi silipweteka ukakhala nthawi yaitali. Kutentha kunatsikako ndithu koma ndi madigiri anayi kapena asanu basi. Mafani ake ndi ofooka, awiri a m'mphepete amangopemerera pulasitiki poti pamenepo laputopu yanga ilibe timabowo, imakudyeranso USB imodzi, ndipo timagetsi take tabuluu ndi tokometsera chabe, usiku timangothobwa m'maso.

Chomwe chinasintha zinthu ndi m'bale wina wokonza makompyuta cha ku Katoto. Atatsegula pansi, pakati pa fani ndi heatsink (chitsulo chochotsa kutentha pa purosesa) panali fumbi logwirana ngati thonje, latseka njira yonse yotulukira mpweya wotentha, ndiye kaya upemerere bwanji kunsi mpweyawo ulibe kopita. Thermal paste, phala lopaka pakati pa purosesa ndi heatsink kuti kutentha kuzidutsa bwino, nayo inali itauma gwa. Anapukuta yakaleyo ndi spiriti ya isopropyl, kupaka yatsopano ya Arctic MX-4 pang'ono pa purosesa ndi pa tchipi ya graphics card, ndipo pochotsa fumbi ankagwira fani ndi chala kuti isazungulire, anandiuza kuti ikazungulira mwamphamvu ndi blower ma bearing amatha msanga. Panopa ndikamarenda imakhala m'ma 80, ndikaikanso pa pad paja imatsikako pang'ono.

Anzanga a pa Mzuni amene mumakonda kuyika laputopu pabedi pa bulangeti nkumamenya gemu usiku wonse, chonde siyani, mukutseka polowera mpweya ndipo ulusi wa bulangetilo ukupita kufani. Batire nayonso simvana ndi kutentha, imatha msanga mwinanso kutupa.

Pad imeneyi ndikuipatsa nyenyezi zitatu mwa zisanu. Ngati laputopu yanu yatha chaka osatsegulidwa, makamaka ikadutsa mu fumbi la September ndi October, yambani mwaitsukitsa kaye. Pogula pad tengani laputopu yanuyo ku shopu, muitembenuze muone pomwe pali timabowo, musankhe yomwe mafani ake akugwera pamenepo.