Bezi yanga ya zidutswa yatha miyezi 14 ili paphewa

Anzanga amene anaiona gitala ya bezi iyi ili mbwee pamphasa m'chipinda changa ku Area 25, thupi uku, khosi uko, mawaya m'kapepala ka shuga, akhala akundifunsa kuti, "Aise, chija chinalira?" Chinalira. Ndinamaliza kuimanga mu Januwale 2024, ndipo chiyambire ndakhala ndikuimbira Lamlungu lililonse kutchalitchi, kuphatikizapo maukwati ndi zinkhoswe zingapo. Ndinachedwa dala kulemba. Sabata yoyamba munthu umakhala ngati ntchembere yomwe yangochira kumene, mwana wako sumuona chilema. Chinanso, thabwa siliulula khalidwe lake mwezi umodzi. Limafuna lidutse dzinja, limve chisanu cha Juni, liwambidwe ndi dzuwa la Okutobala, kenako mvula ibwerenso.

Kwa amene simunaione: thupi ndi la mtengo wa alder, locheka ngati la gitala ya Fender yotchedwa Precision Bass, ndipo ndinaligula losapaka kanthu kwa wogulitsa wina pa intaneti. Khosi ndi la maple, pamwamba pake thabwa la pau ferro, ma fret (tizitsulo topingasa pakhosi) 20, mtundu wa Jazz Bass ya Fender yomweyo, lochokera kwa wogulitsa winanso. Ndinasankha la Jazz chifukwa zala zanga n'zazifupi. Pa nut, kachidutswa kokhalapo nsambo kumutu kwa khosi, limatakata mamilimita 38, pomwe la Precision limapitirira 41. Pickup (kachipangizo kotola mawu a nsambo) yapakati ndi Quarter Pound ya Seymour Duncan, ya mtundu wa Precision, makiyi ochunira ndi a Gotoh, ma pot (mabatani opotoza a volume ndi tone) a CTS a 250k, pobaya chingwe ndi pa Switchcraft. Kufupi ndi bridge, chitsulo chogwira nsambo pathupi, ndinaikako pickup ina ya mtundu wa Jazz, yotchipa, yopanda dzina lodziwika. Zonsezi zinkafikira kwa alamu anga ku Johannesburg, iwo n'kuzikulunga m'bulangete n'kundipatsira pa basi.

Chomwe chimachititsa kuti munthu ngati ine, wosadziwa ngakhale kupala thabwa, alimbe mtima kuchita zimenezi ndi nzeru za Leo Fender, woyambitsa kampani ya magitala ya Fender. Potulutsa Precision Bass mu 1951, khosi sanalimate ndi guluu koma analimanga ndi ma screw anayi, kuti likawonongeka lichotsedwe n'kuikapo lina. Jazz Bass ya 1960 inatsata zomwezo, ndipo kutalika kwa nsambo kuchoka pa nut kufika pa bridge kunakhalabe mainchesi 34. Lero makampani ngati Warmoth ndi Allparts amadyera pomwepo, kupanga makosi ndi matupi a muyezo umenewu. Ine ndinamva nkhaniyi n'kuganiza kuti chilichonse cholembedwa kuti n'chokwanira pa Fender chidzangolowa ngati kiyi m'loko.

Za ndalama ndinene mwachidule, popeza zimandiwawabe. Thupi ndi khosi ndinalipira kwacha isanagwe. Mu Novembala 2023 inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, pickup ndi makiyi ndisanagule. Nditawonkhetsa zonse, pamodzi ndi zotumizira ndi msonkho, ndinapeza kuti ndikanagula Squier, gitala yotsika mtengo ya Fender, yogwiritsidwapo kale ntchito, yabwinobwino, n'kutsala ndi ya nsambo. Wina akakuuzani kuti kumanga wekha n'kupulumutsa ndalama, mufunseni ngati anawerengerapo mabiti a drill, sandipepa ndi ya minibasi.

Tsiku loyesa khosi m'malo mwake linangoti gwedegwede. Chidendene chake, mbali yolowa m'thupi, chinali chotakata mamilimita 63.5 monga mwa muyezo, koma dzenje la m'thupi linatakata ndi milimita imodzi ndi kachidutswa. Milimita imodzi imamveka ngati nthabwala. Koma khosi likapendekeka pang'ono chabe pachidendene, nsambo ya G imakathera m'mphepete penipeni, ndipo chala chikangokanikiza imaterereka n'kugwera kunja. Komanso thupilo linabwera lopanda mabowo a bridge. Usiku womwewo ndinali nditathyolera kale ka screw ka kiyi m'mutu mwa khosi, chifukwa maple ndi wouma gwa ndipo ine ndinaboola kabowo kochepa. Ndinaona kuti ndikapitiriza ndekha ndiwononga zonse.

Ndinanyamula katunduyo kupita kwa bambo ena achikulire ku Mchesi, opala mipando ndi makabati. Anatembenuza thupilo kawiri, kuligogoda ndi chala, n'kundiyang'ana.

"Mwana wanga, ndalama zonsezi kuitanitsa matabwa kunja? Ife tili anyamata tinkakunga chikopa, kuzika mtengo wa bulugamu, kukoka waya wa m'tayala. Babatoni ikalira mudzi wonse unkadzuka."

"Zoona bambo, koma iyi ili ndi nsambo zinayi."

"Ndiye mavuto akonso ndi anayi."

Sindinawatsutse. Babatoni yomweyo, ya nsambo imodzi, yawafikitsa Gasper Nali wa ku Nkhata Bay ndi a Madalitso Band m'mabwalo a ku Ulaya komwe ine ndi ma pickup angawa sindinapondeko.

Zomwe anachita masana amenewo ndi zomwe zaigwira gitalayi mpaka lero. Anasenga tizipsepse tiwiri ta mbawa, topyapyala ngati chikuto cha kope, n'kumata kamodzi mbali iyi kena mbali inayo m'dzenjemo, mpaka khosi linkalowa mochita kukankha ndi chikhatho. Kenako anapempha ulusi kwa amayi ena osoka pafupi, anaumanga pa kiyi wa E ndi wa G, kuudutsitsa m'timipata ta nut n'kuukokera kumunsi kwa thupi. Ine ndinagwira bridge, iwo akuyang'ana ndi diso limodzi kuti mpata wa ulusi ndi mphepete mwa khosi ufanane mbali zonse. "Sunthira kwa ine. Wapyola. Bwerera pang'ono. Ima pomwepo, usapume." Tinayeza mamilimita 432 kuchoka pa fret ya 12, theka la kutalika kwa nsambo, n'kulemba ndi pensulo. Screw iliyonse ankayamba aipaka sopo asanailowetse. Miyezi 14 yadutsa, gitala yagwapo kamodzi pa benchi, koma khosi silinasunthe ngakhale pang'ono.

Chomwe chasuntha ndi kupindika kwake, ndipo apa ndi pomwe ndaphunzira zambiri. Nsambo zinayi za saizi 45 mpaka 105 zimakoka khosi ndi mphamvu yoposa makilogalamu 70 usana ndi usiku, ndipo chomwe chimalimbana nazo ndi chitsulo chodutsa m'kati mwa khosi, truss rod. Poyeza ndimamanga capo, kachipangizo kopana nsambo, pa fret yoyamba, kukanikiza nsambo ya E pa fret yomaliza, n'kuona mpata wa pakati pa nsambo ndi fret ya 8. Ndimagwiritsa ntchito timapeni topyapyala tomwe amakaniko amayezera ma plug a galimoto. Mu Januwale ndinausiya pa mamilimita 0.3, ndipo mpaka Meyi zonse zinali myaa.

Pofika Seputembala ndinayamba kumva dzanja lamanzere likutopa nyimbo isanathe. Ndinkaganiza kuti ndi ulesi wosayeserera. Nditayeza, mpata unali utadutsa 0.6, ndipo ndinachita kumanga truss rod. Mpweya ukauma, thabwa lapamwamba lija limafota, khosi n'kuweramira kutsogolo, nsambo n'kukwera. Mu Okutobala kunabwera china: thabwa linafota m'mbali, koma ma fret, pokhala achitsulo, sanafote nawo. Nsonga zawo zinatuluka ngati mano a sowo. Pa ukwati wina ku Likuni ndinatsetsereka kuchoka pa fret ya 3 kupita ya 10, n'kumva kuti tswii m'munsi mwa chala chamkombaphala. Ndinamaliza nyimbo magazi ali pa malaya oyera. Mawa lake ndinamata tepi m'mbali mwa khosi n'kupala nsonga iliyonse ndi kafayilo kakang'ono, 40 zonse, madzulo awiri athunthu. Ntchito imeneyi ndi ya kamodzi, bola muichite nthawi youma kwambiri pomwe zatulukiratu.

Mvula itakhazikika mu Disembala zinatembenuka. Thabwa linamwa chinyezi, khosi linawongoka mopyola, ndipo ma fret asanu oyambirira anayamba kulira ngati njuchi m'botolo. Ndinabweza zomwe ndinamanga mu Seputembala. Apa ndi pomwe pali chisoni changa chachikulu pa gitala yonseyi, ndipo wolakwa ndine. Ndinagula khosi lachikale, lomwe pomangira truss rod pali kuchidendene osati kumutu. Linkaoneka lokongola pa chithunzi. Tanthauzo lake n'lakuti pofuna kupotoza kotala chabe, ndiyenera kumasula nsambo, kumasula ma screw anayi, kutukula khosi, kupotoza, kumanganso, kuchuna, kudikira tsiku, kuyeza, ndipo ngati sizinakwane kuyambiranso. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma amene ananena mawuwa sanachitepo zimenezi Loweruka usiku mawa lake kuli kuimba. Kwathu kuno, komwe Okutobala ndi Januwale amasiyana ngati maiko awiri, gulani khosi lomangira kumutu.

Kamvekedwe kake ndilibe nako mawu. Quarter Pound ili ndi timaginito tonenepa, kotala ya inchesi kalikonse, ndipo imatulutsa mawu okhuthala omwe amadutsa bwinobwino pakati pa kiyibodi ndi ng'oma. M'tchalitchi chathu cha malata, momwe mawu apansi amangozungulira n'kusanduka phala, ndimatsegula tone theka ndipo noti iliyonse imamveka payokha. Mtsogoleri wa kwaya, mayi osachedwa kudzudzula, anangoti, "Achimwene, lero ndiye takumvani." Kwa iwo kumeneko n'kuyamikira kwakukulu.

Pickup ya Jazz ija ndiyo ndinangotaya ndalama. Ya Precision ili ndi makoyilo awiri okulungidwa mosemphana, motero phokoso la magetsi limaphana lokha. Ya Jazz koyilo ndi imodzi, ndipo imatola kulira kwa magetsi kulikonse komwe ili. Magetsi athu amayenda pa 50 Hz, ndipo G wa pa fret ya 3 pa nsambo ya E ali pa 49 Hz. Ndiye nyimbo ikakhala mu G, zomwe nyimbo zambiri za kwaya yathu zili, mawu awiriwa amakhulana n'kumachita ngati gitala sinachunidwe. Ndinamata tepi ya kopa m'mabowo onse a m'thupi ndi kuseri kwa pickguard, chotchinga cha pamwamba pa thupi, zinachepa ndithu koma sizinathe. Pa jenereta ndiye zimanyanya. Kuyambira Epulo volume yake imakhala yotseka, ndipo sindinaisowepo. Ndikanadziwa ndikanagula thupi la bowo limodzi.

Phokoso lina linandizunguza mutu milungu itatu mu Julayi. Kale ndikagwira nsambo kulira kunkaleka, koma tsopano kunkapitirira ngakhale nditagwira. Ndinawotchereranso mawaya onse a ma pot, osasintha. Kenako ndinamasula bridge. Kawaya ka ground komwe kamagona pansi pake kanali katamira m'thabwa, popeza alder ndi wofewa, ndipo sikankakhudzanso chitsulo. Ndinakayala pa kachidutswa ka tepi ya kopa n'kumanganso, basi zii.

Thupi sindinalipente. Ndinalipaka mafuta a linseed owiritsa, kasanu ndi kawiri, kusiya masiku awiri pakati. Sanza zopakira musaziunjike pamodzi, zimatha kuyaka zokha; ine ndinkaziyanika pa waya panja. Poyamba linkaoneka ngati uchi. Pano pomwe pamagona mkono pada bii ndi thukuta, ndipo kuseri lamba wa buluku wakumba kanjira. Mkazi wanga akuti ikuoneka ngati mpini wa khasu. Ine zimandisangalatsa, koma amene mukufuna gitala yonyezimira pa vidiyo ya ukwati, mafuta si anu. Alder amabonyoka ngakhale ndi chikhadabo.

Nsambo zoyamba, zokhakhala zija, zinafa patatha miyezi itatu chifukwa cha thukuta ndi fumbi. Ndinaziwiritsa m'poto, monga timachitira tonse, zinatsitsimuka milungu iwiri n'kufanso. Mu Ogasiti ndinaika zosalala, ma flatwound, ndipo n'zomwe zilipo mpaka lero. Akuti James Jamerson, woimba bezi wotchuka wa kampani ya nyimbo ya Motown ku America, sankasintha zake pokhapokha itaduka, ndipo ndi mitengo ya nsambo masiku ano ndamumvetsa. Zimalimba kuposa zinazo, motero n'kutheka kuti zinathandizira nawo kukoka khosi mu Seputembala muja. Slap, kuimba komenya nsambo ndi chala chachikulu, pa izi iwalani, koma ine si wa slap.

Nut ya pulasitiki yomwe inabwera ndi khosi inali yaitali, F wa pa fret yoyamba ankakwera pang'ono nthawi zonse. Ndinakulunga sandipepa pa zidutswa za nsambo zakale n'kukumba timipata pang'onopang'ono. Pa D ndinapyola, ndinachita kudzazamo ndi supagulu wosakaniza ndi soda. Pagwira mpaka pano, ngakhale ndimapayang'ana mokayikira. Makiyi, ma pot ndi pobaya chingwe sizinandivutitsepo n'kamodzi komwe. Kulemera kwake ndi makilogalamu 4.2 pa sikelo ya nyama ya aneba, ndipo mutu umatsamira pansi pang'ono ukaisiya, koma lamba wachikopa wotakata anathetsa zimenezo.

Mnyamata wina wa gulu la achinyamata anandifunsa mwezi watha kuti ndingaigulitse zingati. Nditamuuza ndalama zomwe ndinalowetsa anaseka, akuti pamutu pake palibe ngakhale dzina. Sakunama. Gitala yopanda chizindikiro pamsika ndi matabwa ndi mawaya, ndipo nditati ndigulitse ndingapindule pomasula n'kugulitsa pickup payokha, makiyi paokha. Ndinamubwereka Lamlungu limodzi. Anabweza akudandaula kuti nsambo zake n'zolimba ngati waya wa mpanda, koma anafunsanso komwe kuli shedi ya bambo aja a ku Mchesi.

Mvula ikupita kumapeto tsopano. Dzulo ndayeza, mpata uli pa 0.3 ndendende, ndipo ndikudziwa kuti ukhala pomwepo mpaka mphepo ya Juni. Bowo limodzi mwa anayi a kuchidendene layamba kulobodoka chifukwa chomasulamasula, screw yake ikuzungulira osaluma kwenikweni. Ndasunga kale timitengo ta machesi ndi guluu m'thumba la gitala, kudikira Seputembala.