Amisiri owotcherera aja anakana kundipachikira punching bag kusiling'i

Ndalonjeza anthu angapo kuti ndilemba za mmene zinayendera ndi amisiri omwe anandiikira chitsulo chopangira ma pull-up (kulendewera nkumadzikoka m'mwamba) komanso popachika punching bag (thumba lomenya zibakera) mu garaja kwathu kuno ku Kasungu, nde ndi izi. Dzina lawo sinditchula, shedi yawo ili cha kumsika pa boma, pomwe pamakhala owotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo paja, madala aafupi ometa mpala.

Ine maganizo anga anali osavuta. Bag ndinagula ya kaunjika, yolemera 35 kg, ndimangofuna munthu abwere ndi ngowe yachitsulo, aboole siling'i, amange tcheni basi tathana. Atafika anayang'ana m'mwamba, kugogoda siling'i ndi chala, nkundifunsa kuti bwana mumalemera bwanji. Ndinati 86. Anaseka. Akuti bolodi limenelo ndi lophimba manyazi a denga chabe, timatabwa tomwe talisunga ndi ta 2 by 2 tokhomedwa ndi misomali, olo mwana wa sitandade 5 atalendewerapo atsika nalo limodzi.

Nde ndinati chabwino, tiboole mpaka tikagwire thabwa lenilenilo la truss, chimango cha matabwa chija chimanyamula denga. Anapempha makwerero ndi tochi, analowa pa kachitseko ka siling'i kaja, anakhala mmenemo mwina mphindi 20 kunja kukutentha ndithu, malata akuchita kuthetheka. Potsika ali fumbi lokhalokha anandipatsa kachidutswa ka thabwa nkuti tafinyani. Aise, kanangofumbutuka m'manja ngati chigumu chouma. Chiswe. Chinakwera mkati mwa khoma la kumbuyo nkudya mbali imodzi ya truss yomwe ndimafuna kulendewerayo, kunja thabwa likuoneka bwinobwino, mkati mulibe kanthu. Matabwa ake ndi paini yemwe omanga nyumba anangoika osapaka mankhwala. Apa ndinakhala chete kaye chifukwa zinasiya kukhala nkhani ya jimu, inasanduka nkhani ya denga la nyumba yanga.

Chomwe ndinawakondera ndi choti amafotokoza, sikuti amangokana. Anati ngakhale thabwa likanakhala lamoyo, thabwa la pansi pa truss ntchito yake ndi kukoka mbali ziwiri za denga kuti zisatayane ndi kusenza siling'i, silinapangidwe kuti munthu azilendewera pakati pake malo amodzi. Ndipo munthu ukamadzikoka kapena bag ikamagwedezeka ndi zibakera, kulemera komwe kumafika pamenepo kumatha kuwirikiza kawiri kapena kuposa, si 86 yako ija ayi. Akuti denga likakhala labwino iwo amagoneka thabwa lina lokhuthala la 2 by 6 modutsa ma truss atatu kuti katundu agawanike, nkumanga ndi mabawuti odutsa mbali zonse okhala ndi washa ndi nati, osati misomali, osatinso tingowe ta sikulu tija timagulitsidwa mu hardware, timene timazuka pang'onopang'ono bag ikamavina. Kwa ine njira imeneyo anaikana kaamba ka chiswe chija.

Zomwe anachita nzakuti anaisiyiratu siling'i. Anapeza ring beam, konkire ija imazungulira nyumba pamwamba pa zitseko ndi mawindo, pogogoda pulasitala mpaka phokoso litasintha. Njerwa anati sazikhulupirira, zathu zootcha tokhazi rawl bolt, bawuti ija imafufuma mkati mwa bowo, ukaimanga kwambiri njerwa imangosweka mkati, makamaka ngati omanga anaumira simenti. Anatenga chitsulo cha rectangular tube cha 100 by 50, chokhuthala 3 mm, chodutsa garaja yonse khoma mpaka khoma, mamita 3 ndi pang'ono, anachiika choimirira chammbali osati chogona chifukwa chikagona chimapindika msanga. Mbali iliyonse anawotcherera puleti, puleti iliyonse ma rawl bolt anayi a M12 mu konkire. Asanaboole anandifunsa komwe mawaya a magetsi adutsa ndipo anandiuza ndithimitse pa main switch. Pansi pa chitsulocho ndi pomwe anawotcherera paipi yogwira ya ma pull-up ndi mphete ya bag.

Kuyesa kwake kunandisangalatsa. Anati bweretsani matumba a feteleza omwe ali pakonawo, atatu a 50 kg, anawamanga ndi chingwe pakati penipeni, iwonso nkulendewera pompo akugwedeza miyendo ngati mwana. Matumbawo anati agone pomwepo mpaka mawa, nkulemba mzere ndi pensulo m'mphepete mwa puleti iliyonse kuti tione ngati yasuntha. Mmawa mzere uli pomwepo. Mayi akunyumba amene poyamba ankati zonsezi ndi kuwononga ndalama anabwera kudzayang'ana okha mzerewo kkkk.

Tsopano zoipa zake, chifukwa zilipo. Nthawi sasunga madala amenewa. Tinagwirizana Lachitatu, anabwera Lolemba la sabata inayo, foni osayankha masiku awiri, kenako akuti ndinali ku Chinkhoma kukonza majeke a fodya, nyengo ya msika wa fodya alimi ndi omwe amakhala mabwana, ife a ma pull-up tidikire. Tsiku lomwe anabwera magetsi anathima masana onse, limenelo si vuto lawo, koma jenereta alibe nde ntchito ya tsiku limodzi inatenga awiri. Penti ya red oxide anapaka mothamanga, madontho ali mbwee pa simenti mpaka lero, ndipo mnyamata wawo anawotcherera pafupi ndi matayala akale osawachotsa, ndinachita kukuwa ine. Swivel, kachitsulo kozungulira koteteza kuti tcheni isapotane, analibe ndipo sanaipeze muno, ndinachita kutumiza munthu ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 130 pa M1 chifukwa cha kanthu kolowa m'thumba la malaya.

China nchoti ring beam ili mmunsi kusiyana ndi siling'i, nde paipi yogwira ija yatsika, ine ndi msinkhu wangawu ndimachita kupinda mawondo. Anandiuza zimenezi asanayambe, ndinavomera ndekha, koma amtali dziwani. Galimoto imalowa bwinobwino bola bag ndiichotse kaye, anaika shackle, kachitsulo kolumikizira tcheni, komasula ndi dzanja.

Mtengo wonse, zitsulo ndi ntchito, unaposa zomwe ndinagulira bag ija, ndipo kunenerera sanalole kwenikweni, anangochotsa ya thiransipoti. Poyamba zinandiwawa. Pano miyezi inayi yatha, ndimamenya m'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito, khoma silinang'ambike, mabawuti ndimawayesa ndi sipanala kumapeto kwa mwezi monga anandiuzira ndipo imodzi yokha ndi yomwe inafuna kumangitsa pang'ono mwezi woyamba. Pa 5 ndiwapatsa 4, imodziyo yapita ndi foni yosayankha ija. Truss ya chiswe ija akalipentala anabwera kudzasintha sabata yotsatira, ndalama yakenso ina, ndipo anapezanso yachiwiri pamwamba pa khitchini.