Accident, incident kapena event: mulembe liti mu lipoti?

Kwa inu amene mumalemba malipoti a kuntchito m'Chingerezi, mawu atatuwa amaoneka ngati pachibale, koma salowana m'malo.

Event sitichedwa nalo. Nthawi zambiri limanena za chochitika chokonzedwa kapena chachikulu: ukwati, msonkhano, mpira wa Bullets ndi Wanderers. Wina akaterereka m'khichini n'kuthyoka mkono, liwu limeneli lisiyeni.

Pamene pagona nkhani ndi pa awiri enawo. Accident ndi ngozi, chinthu choipa chimene palibe amene anachifuna. Incident n'lotakata: ndewu pamalo omwera mowa, katundu kusowa m'sitolo, mlonda kugwira munthu akudumpha mpanda. Ngozi mutha kuitcha incident, koma ndewu simungaitche accident, poti wina waponya chibakera dala.

A zandege amasiyanitsa mwa njira yawoyawo. M'malamulo a ICAO, bungwe loona za maulendo a ndege padziko lonse, accident ndi pamene munthu wafa kapena wavulala kwambiri, ndege yaonongeka kwambiri kapena yasowa. Incident ndi vuto lomwe likanadzetsa tsoka koma silinafike pamenepo, monga ndege ziwiri kuyandikana mopyola muyeso.

Ine ndimati ngati kafukufuku sanathe, lembani incident. Liwu la accident limaweruziratu mlandu, limanena kuti palibe anachita dala, pomwe mwina simunafunse n'komwe mboni. Magazini ya madokotala ya ku Britain, BMJ, inaletsa liwuli m'nkhani zake mu 2001, ati limachititsa anthu kuganiza kuti kuvulala sikungapewedwe.

Kwathu kuno tikudziwa kulemera kwake. Mu May 1983 boma linalengeza kuti andale anayi, a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga afa pa ngozi ya galimoto ku Mwanza. Komiti yofufuza imene inakhazikitsidwa mu 1994 inapeza kuti anachita kuphedwa, ndipo galimotoyo inali yongophimbira.

Komabe incident nalo lili ndi chilema chake: limachepetsa zinthu. Akuluakulu amalikonda akafuna kuti nkhani yoopsa imveke ngati kanthu kakang'ono. Mukalilemba pamutu pa lipoti, m'munsimo fotokozani mosabisa kuti wavulala ndani, zinachitikira pati, nthawi yanji, ndipo anaona ndani.