Mafuta a hemp a pa boma pa Kasungu: odzola ali bho, koma zoti ndi mankhwala izo ayi

Pa boma pa Kasungu pano pali kashopu kena ka zodzoladzola ndi mankhwala azitsamba, dzina sinditchula, komwe ayamba kugulitsa zinthu za hemp, mtundu wa chamba wosaledzeretsa, ndipo anthu akungofunsana kuti kodi ndi zenizeni kapena ndi njira ina yotidyera ndalama. Ine ndagwiritsa ntchito ziwiri, botolo la mafuta a njere za hemp la 100ml ndi kachitini ka mafuta olimba aja opaka m'mawondo ndi pamsana. Ndinene chilungamo pachiyambi pomwe, botololo ndi katundu wabwino ngati mukufunira khungu, kachitiniko musavutike nako, ndipo zomwe amakuuzani pa kauntala muzimva ndi khutu limodzi.

Mafuta a m'botolowo ndi obiriwira moderako, akuti tsoo ukawaika pachikhatho, fungo lake ngati mtedza wosakazinga wosakaniza ndi udzu wongotchetcha kumene. Sanunkha fodya wamkulu ayi, amene mukuopa kuti mukalowa nawo mu tchalitchi anthu aziyang'anizana khalani phee kkkk. Chomwe chinandisangalatsa nchoti salemera pakhungu, ukapaka madontho ochepa amalowa msanga osasiya kunyezimira kuja kwa Vaseline komwe fumbi lonse la mumsewu wa ku Chinkhoma limakukakamira m'miyendo. Nyengo ya mwera ija khungu langa limatuwa koopsa makamaka m'zigongono ndi m'misongolo, nde apa anandithandiza ndithu, kuyabwa kwa madzulo ndikangosamba kunachepa. Ming'alu ya kuzidendene yokha ndiye sanaithe, inangofewako pang'ono basi, pamenepo glycerine wa ku golosale amachita bwino kuposa ndipo ndi wotchipa kutalitali.

Koma kasungidwe kake mushopumo ndiye ayi. Mabotolo ndi apulasitiki oonekera mkati ndipo awandandalika pa windo lomwe dzuwa la masana limawomba mwachindunji, kuti odutsa aziona tsamba lija la nsonga zisanu ndi ziwiri pa lebulo. Mafuta a njere za hemp safuna dzuwa kapena kutentha, amawonongeka msanga kuposa a mpendadzuwa chifukwa cha omega 3 ndi omega 6 wambiri amene alimo, ndipo akawonongeka amayamba kununkha ngati penti. Ine ndinatsegula limodzi la pawindopo nkununkhiza, linali litayamba kale kafungo kameneko, nde ndinawauza asisi ogulitsawo kuti andipatse la mu katoni ya pansi pa kauntala. Anandipatsa mosanyinyirika, ulemu wokha ali nawo mtsikana ameneyu, koma la pawindo lija analibwezera pomwepo kudikira kasitomala wina. Lebulo yake ndi stika yongosindikiza pa kompyuta, palibe deti yothera ntchito, palibe chizindikiro cha MBS, bungwe loona za miyezo ya katundu, palibe dzina la amene anafinya mafutawo ngakhale nambala ya layisensi, pangolembedwa za kuchiritsa mpaka malo kutha.

Apa ndi pomwe ndikufuna tikambirane bwinobwino. Asisi aja anandiuza kuti "achimwene, awa ndi CBD weniweni, supuni imodzi m'mawa BP imatsika, shuga, kusowa tulo, nyamakazi, ngakhale khansa anthu akuchira." Ndili pomwepo panabwera bambo ena achikulire ndi kabuku kawo ka kuchipatala m'thumba la malaya, akufunsa ngati angasiye mapilisi a shuga akayamba kumwa mafutawa, ndipo yankho lomwe analandira linali lakuti "muyambe kaye muone mmene thupi likumvera." Mtima unandipweteka zedi. Mafuta a njere ndi CBD ndi zinthu ziwiri zosiyana. CBD ndi mankhwala osaledzeretsa opezeka mu chamba, amamutenga ku maluwa ndi masamba a chomeracho, pamene m'njere mulibe CBD woti nkumuwerengera, njerezo amangozifinya pa makina monga momwe timafinyira mpendadzuwa kapena soya nkutuluka mafuta a chakudya. Ndi opatsa thanzi inde, koma si mankhwala a BP kapena shuga. Ngakhale CBD weniweniyo, ntchito yomwe madokotala anaitsimikiza bwinobwino ndi ya mitundu ina yovuta ya khunyu yoyamba paubwana, ku America anavomereza mankhwala otchedwa Epidiolex mu 2018 pa matenda amenewo, ndipo amaperekedwa ndi dokotala akuyeza chiwindi chifukwa CBD amatha kusokoneza kagwiridwe ntchito ka mankhwala ena m'thupi. Nde munthu amene ali pa ma ARV, mapilisi a BP kapena a khunyu asamangomwa zinthu chifukwa wauzidwa pa kauntala ya zodzola, ndipo kusiya mankhwala a kuchipatala ndiye kudzikumbira dzenje. Chinthu chikamagulitsidwa ngati mankhwala chimayenera kudutsa ku PMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala, pa botolo ili palibe chosonyeza zimenezo.

Kachitini kaja nkhani yake ndi yaifupi. Ukatsegula chomwe chimakulandira ndi menthol ndi camphor, ukapaka pamatentha kenako kuzizira monga amachitira mafuta opaka onse a ku famase. Ndinawerenga mndandanda wa zomwe anaikamo, hemp ali kumapeto kwenikweni, kutanthauza kuti ndi kadontho chabe, ngati tiyi wa pamaliro wothira supuni imodzi ya mkaka mu ndowa yonse. Azakhali anga omwe mawondo amawavuta anati akumva bwino kwa kanthawi kenako ululu nkubwerera, chimodzimodzi ndi zomwe amapaka kale zija, kusiyana kwake mtengo wokha womwe ndi pafupifupi katatu. Mukulipira tsamba la pa chivindikiro basi.

Tsopano funso lomwe aliyense amafunsa monong'ona, kodi apolisi akandipeza nalo pa lodibuloko sandinjata? Nyumba ya malamulo inavomereza Cannabis Regulation Act mu February 2020, patadutsa zaka zisanu kuchokera pomwe a Boniface Kadzamira, ali phungu wa ku Ntchisi, anadzutsa nkhaniyi mu 2015 aphungu anzawo nkumawaseka. Lamulolo linalola kulima ndi kukonza chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale, nkukhazikitsa bungwe la Cannabis Regulatory Authority, CRA, lomwe limapereka malayisensi. Hemp kuno kwathu ndi amene THC wake, uja woledzeretsa uja, sapitirira 1 peresenti, pamene ku America lamulo lawo la 2018 linaika 0.3 peresenti, nde ife malire athu ndi omasukirapo. Kusuta kokha sikunaloledwe, kukadali mlandu pansi pa Dangerous Drugs Act ndipo mukudziwa nokha matumba omwe amagwidwa mumsewu wa M1 ndi wa ku Nkhotakota. Mafuta a njere saledzeretsa olo mutamwa botolo lonse, mungotsegula m'mimba basi. Koma kulima, kukonza, kunyamula ndi kugulitsa katundu wa chamba zonsezi zimayendera chilolezo cha CRA, nde wogulitsa amayenera kudziwa komwe katundu wake wachokera. Nditafunsa za pepala lililonse asisi aja anangoti "zimenezo amadziwa ndi abwana, ali ku Lilongwe." Lisiti nayo ndinachita kuumirira, analemba pa kapepala ka mu kope nkudinda chidindo. Inu mukagula tengani lisiti ndipo musachotse lebulo, chifukwa wapolisi wa pamsewu alibe makina oyezera THC, iye angoona tsamba pa botolo ndipo mukachedwa pamenepo minibasi nkukusiyani.

Chomwe chimandiwawa kwambiri monga mwana wa mlimi wa fodya nchoti kachitini kaja kalembedwa kuti kapangidwa ku South Africa. Ife a Kasungu takhala tikuuzidwa kuti chamba ndiye chilowa m'malo mwa fodya, a Chakwera ali pulezidenti ananena okha mu 2021 kuti fodya tsogolo lake likutha ndipo alimi aganizire mbewu zina kuphatikizapo chamba, chaka chomwecho nduna ya zaulimi a Lobin Lowe mpaka analembera kalata Mike Tyson kuti akhale kazembe wa chamba cha Malawi. Anthu anatengeka, makopaletivi anabadwa paliponse, ena anagulitsa ng'ombe kuti alowe nawo. Koma chiphaso chokha cholimira hemp anachiika pa madola 2,000 ndipo cha chamba cha mankhwala madola 10,000, musanawerenge mbewu yochokera kunja, mpanda, alonda ndi ma greenhouse, nde mlimi wa kwa Santhe kapena ku Chamama yemwe amavutika kugula thumba la feteleza angazithe bwanji payekha? Ambiri omwe anasonkha ndalama m'magulu anakolola nkusowa kogulitsa, nkhani zake zinatuluka m'manyuzipepala ndi pa wailesi. Fodya ngakhale mitengo imatiliza koma umadziwa kuti belo ikafika ku okushoni ku Chinkhoma wogula alipo, chamba msika wake sunaoneke chonchi mpaka pano. Pomwe kafukufuku wa hemp anayamba kale mu 2015 ku Chitedze ndi kampani ya Invegrow, ndipo mu March 2024 aphungu anavomerezanso bilu ya a Peter Dimba yoti chamba chathu chomwechi cha makolo, chomwe kunja amachitcha Malawi Gold, chizilimidwa ndi chilolezo. Malamulo tili nawo ambirimbiri, koma pa shelefu ya pa boma pa Kasungu pakukhala kachitini ka ku Joni ndi botolo losadziwika mwini wake. Njere zofinya mafutawa bwenzi zikuchokera konkuno, makina ofinyira mpendadzuwa ali mbwee m'matreding'i senta athu.

Pa mtengo, botolo la 100ml ndinalipira ndalama yoti ndikanagula malita angapo a mafuta ophikira, nde si chinthu choti banja lonse lizidzola m'mawa uliwonse. Ine ndimapaka kunkhope, m'zigongono ndi m'manja mokha, kwinako lotion wamba. Ena akuti amathira m'phala kapena pa saladi, nzotheka ndithu ngati mafutawo ali abwino ndipo kakomedwe kake nkofanana ndi nsinjiro, koma musakazingire chifukwa sapirira moto, amayamba kufuka msanga nkuwawa. Ineyo a botolo lopanda deti ndi dzina la wopanga sindingawaike mkamwa, pakhungu pokha ndi pomwe ndalolera.

Ndikati ndipereke mamakisi, mafuta a njere 7 pa 10, kachitini 3, ulemu wa ogulitsa 8, koma uphungu wawo wa zaumoyo ziro weniweni. Ndidzagulanso akadzabweretsa a m'botolo lagalasi lakuda lokhala ndi deti ndi dzina la kampani yomwe ndingathe kuifufuza ku CRA. Ngati mukufuna kuyesa panopa funsani kabotolo kakang'ono ka 50ml, kochokera mu katoni osati pa windo, nunkhizani musanalipire, ndipo kunyumba kasungeni mu firiji kapena pamalo pozizira pamdima chifukwa kutentha kwa October kuno lalikululo lingakuwonongekereni musanafike nalo ndi pakati pomwe.